Mtumbira wa King Henry ku Richmond Park: manda akalekale pakati pa agwape

Funso: Ndimakhala ku London ndi ana anga awiri. Wamkulu akuphunzira za anthu akale a ku Britain, ndipo aphunzitsi ake anatchula kachitunda ka ku Richmond Park kotchedwa King Henry's Mound, ati ndi manda a anthu a kalekale. Ndikufuna kupita nawo, koma mtima ukukayika. Kwathu kumanda sitipitako wamba, nanji kukwera pamtumbira. Ndamvanso kuti m'pakimo agwape amangoyendayenda okha. Kodi ndi manda enieni? Tipite liti, tidzere kuti, ndipo tichenjere ndi chiyani?

Yankho: Pitani nawo anawo, mayi. Polowa salipiritsa, ndipo kukwera pamtumbirawo n'kololedwa. Pali kanjira kokonzedwa bwino kofika mpaka pamwamba. Zofunika kuchenjera nazo ndi ziwiri, agwape m'miyezi ina ya chaka ndi nkhupakupa za m'udzu. Koma tiyambe ndi funso limene likukuvutitsani mumtimalo.

Akatswiri ofukula zakale amauona mtumbirawu ngati manda a anthu amene anakhalako kulemba kusanafike ku Britain. Mu 2020 boma, potsatira malangizo a bungwe losamalira malo akale la Historic England, linauika m'kaundula wa malo otetezedwa ndi lamulo, pamodzi ndi mtumbira wina wautali wa m'paki yomweyo. Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba ndi maonekedwe ake ozungulira. Chachiwiri ndi malo amene unakhala, m'mphepete mwa mtunda woyang'ana chigwa cha mtsinje wa Thames, ndipo anthu akalewo ankakonda kuika manda awo pamalo otere, oti aonekere patali. Chachitatu ndi zimene analemba Edward Jesse, mmodzi wa oyang'anira mapaki a mfumu, m'zaka za m'ma 1830, kuti mtumbirawu unakumbidwapo ndipo pakati pake panapezeka phulusa lambiri. Phulusa pakati pa mtumbira ndi chizindikiro chodziwika, chifukwa kunali nthawi imene anthu a kumeneko ankatentha mitembo asanaike.

Mitumbira yozungulira ya mtundu umenewu, yambiri inamangidwa pakati pa zaka za 2400 ndi 1500 Yesu asanabadwe, nyengo imene anthu a ku Britain anayamba kusula zida za mkuwa. Yaitali ija, yooneka ngati mzere waukulu wa m'munda, ndi yakale kuposa pamenepo. Inamangidwa ndi alimi oyambirira cha m'ma 3800 mpaka 3400 Yesu asanabadwe, zida zawo zikadali zamiyala. Ku England kokha kwatsala mitumbira yozungulira yoposa 10,000. Choncho wa ku Richmond suli wokha. Chachilendo chake n'chakuti wapulumuka mkati mwa mzinda waukulu ngati London.

Mwana wanu akafunsa mmene ankamangira, muuzeni chonchi. Ankayamba ndi manda a pakati. Poyamba mtembo ankaugoneka chammbali, miyendo atapinda, mawondo atayandikira pachifuwa, pambali pake n'kuikapo mphika, mikanda, nsonga za mivi zamwala kapena mpeni wamkuwa. Patapita mibadwo mwambo wotentha unafala, ndipo mafupa opserera ndi phulusa ankaziika mumphika kapena m'kadzenje. Akatero ankakumba ngalande yozungulira mandawo, dothi lotuluka m'ngalandemo n'kumaliunjika pakati, nthawi zina pamodzi ndi zidutswa za nthaka yaudzu zosanjikiza ngati njerwa. Makasu achitsulo kunalibe. Ankakumba ndi nyanga za agwape, kuwola dothi ndi fupa la phewa la ng'ombe, n'kumatuta m'madengu. Mukawaona agwape aakulu a m'pakimo, dziwani kuti nyanga za mtundu womwewo n'zimene zinkakumba ngalande za mitumbira ngati umenewu. Si aliyense ankamangiridwa mtumbira, ntchito yake inali ya mudzi wonse. Ndipo kawirikawiri sunkathera pa munthu mmodzi. Ana ndi zidzukulu ankabwera kudzaika maliro ena m'mbali mwake, nthawi zina n'kuukulitsa.

Chimene agwape anachitira mandawa

Aliyense amene analimapo mbatata akudziwa kuti mtumbira ukaupitapo ndi khasu nyengo ziwiri zitatu, umaphwa. Mitumbira yambiri ya ku England inatha choncho, pulawo ikudutsa pamwamba chaka ndi chaka mpaka kufafaniza. Yambiri lero imangodziwika pa zithunzi zojambula mumlengalenga, pamene mbewu zomera pangalande yakale zimabiriwira kuposa zinzake n'kupanga mkombero m'munda. Kufupi ndi London ina inamezedwa ndi nyumba ndi misewu.

Wa ku Richmond unapulumuka chifukwa cha ulenje wa mfumu. Mu 1637 Charles I anazinga malowa ndi mpanda wa njerwa wotalika makilomita pafupifupi 13, kuti asungemo agwape osaka. Analanda minda ndi madambo odyetsera ziweto a anthu wamba, ndipo anthuwo anadandaula kwambiri. Koma kuchokera pamenepo mzinda unakula mozungulira mpandawo osalowamo, ndipo mahekitala pafupifupi 1,000 anatsala a udzu ndi mitengo ikuluikulu ya oak, ina ya zaka mazana angapo. Mukudziwa mmene msitu wa kumanda umatsalira wokha pakati pa minda kwathu, mitengo yonse yozungulira itatha, chifukwa nkhwangwa siloledwa kulowamo. Kuno chimene chinaletsa pulawo si mwambo wa mudzi koma chifuniro cha mfumu yokonda kusaka, ndipo zotsatira zake zinafanana. N'chifukwa chake mapaki akale a agwape ndi malo abwino ofunirako zotsalira za makedzana ku England.

Kuti inu ndi ine tizilowamo momasuka, panachita kulimbirana. Mwana wamkazi wa George II, Princess Amelia, atayamba kuyang'anira pakiyi mu 1751 anatseka zipata, kumangolowetsa anzake okha. Bambo wina wofulula mowa ku Richmond, John Lewis, anakasuma kukhoti, ndipo mu 1758 anapambana. Ufulu wa oyenda pansi unabwezeretsedwa pamenepo.

Komabe musayembekezere kuona mtumbirawu monga anausiyira eni ake. Mapu a m'zaka za m'ma 1630 amautchula kuti poimira mfumu, kusonyeza kuti alenje achifumu ankaima pamenepo agwape akamapirikitsidwira kwa iwo. Kenako unalowa m'munda wa maluwa wa nyumba ya Pembroke Lodge, imene Mfumukazi Victoria anapatsa nduna yaikulu Lord John Russell mu 1847. Unabzalidwa zitsamba, kusalazidwa pamwamba ndi kuikidwa njira. Ana ena amakhumudwa, amayembekezera phanga la mafupa. Achenjezeni musananyamuke kuti mulibe khomo lolowera, ndi chitunda chadothi basi.

Za dzinalo, mudzamva nthano yakuti Henry VIII anaima pamenepo pa 19 Meyi 1536 kudikira chizindikiro chochokera ku Tower of London chakuti mkazi wake Anne Boleyn wadulidwa mutu. Olemba mbiri sanapeze umboni uliwonse wa zimenezi, ndipo pakiyo inazingidwa patapita zaka 101 kuchokera tsikulo. Ndi nkhani yokoma pocheza, koma mwana asailembe m'kope la kusukulu ngati zoona.

Nanga za kuponda pamanda? Kukayika kwanu n'komveka, ndipo musadzione ngati wotsalira. Kwathu manda ali ndi eni ake. Pali mfumu yopempha, pali adzukulu, pali abale odziwa amene anagona pati. Pano mibadwo yoposa zana yadutsa, palibe banja limene lingaloze kuti awa ndi agogo athu, ndipo chimene chinalowa m'malo mwa mfumu ndi lamulo la boma. Lamulo la 1979 loteteza malo akale limaletsa kukumba, kuwononga kapena kugwiritsa ntchito makina ofufuzira zitsulo pamalo otere popanda chilolezo, ndipo wolakwa amaimbidwa mlandu. Malamulo a pakiyo amaletsanso kuyatsa moto ndi kutola zinthu n'kupita nazo. Mukaona kaphale kapena mwala wosemedwa pamene nyama yafukula, kasiyeni pomwepo, jambulani chithunzi, mukauze ogwira ntchito m'pakimo. Kwa wofukula zakale, chinthu chikachotsedwa pamalo pake chataya theka la nkhani yake. Ngati mtima wanu sukulola kukwera pamwamba, kuzungulira m'munsi kokha kukuphunzitsani zambiri za mtumbirawo kuposa kuima pansonga. Chimene mungataye ndi mwayi woona patali wokha.

Njira yake

Kwerani sitima ya District line, kapena ya South Western Railway kuchokera ku Waterloo, mutsikire pa Richmond. Mukatuluka pasiteshoni khoterani kumanzere, mudutse m'tauni, mukwere msewu wa Richmond Hill mpaka pachipata cha Richmond Gate. Ndi mtunda wa mphindi 25 kapena 30, chokwera chokhachokha. Ana akatopa msanga, basi ya 371 imakusiyani pafupi ndi chipatacho. Mukalowa khoterani kumanja, mutsate kanjira ka oyenda pansi mpaka m'munda wa Pembroke Lodge, ndipo pasanathe mphindi khumi mtumbirawo mwaufika.

Pali njira ina imene ndingakusankhireni ngati miyendo ili bwino. Kwerani basi ya 65 mutsikire ku Petersham, mulowere pa Petersham Gate, pamene palinso bwalo losewerera ana. Kuchokera pamenepo mukwera chitunda chotsetsereka ndithu, ndipo kukagwa mvula chimaterera. Ubwino wake ndi wakuti mumafika kuchokera kuchigwa, monga ankafikira anthu okhala m'mbali mwa mtsinje, ndipo m'miyendo mwanu momwe mumamva chifukwa chimene anasankhira pamwamba pamenepo. Ndi ngolo ya mwana kapena njinga ya olumala, dzerani ku Richmond Gate.

Munda wa Pembroke Lodge uli ndi mpanda woletsa agwape, choncho pamtumbira penipenipo simukumana nawo. Tsekani kachipata mukadutsa. Malo odyera ndi zimbudzi zilipo pafupi. Podutsa msewu wa m'pakimo gwirani ana padzanja, chifukwa okwera njinga amatsika mothamanga ndipo samveka akamabwera.

Pamwamba pali zinthu ziwiri zoti muone. Kumadzulo kuli chigwa cha Thames, ndipo kukayera bwino mungaone mpaka Windsor Castle. Kummawa kuli kabowo kodulidwa m'zitsamba. Mukasuzumira mmenemo, maso amadutsa mumpata wosiyidwa dala pakati pa mitengo ya Sidmouth Wood, n'kukafika pa denga lozungulira la tchalitchi cha St Paul's, makilomita 16 kuchokera pamene mwaimapo. Mpatawu unakonzedwa tchalitchicho chitangomalizidwa cha m'ma 1710, ndipo malamulo a zomangamanga a London amaletsa kumanga nyumba yotchinga. Pali chipangizo choonera patali chaulere. Anthu ambiri amalephera kuliona dengalo chifukwa chofika mmawa, dzuwa lili kumaso ndi nkhungu isanachoke. Fikani masana dzuwa litapendeka, liri kumsana kwanu, makamaka tsiku lotsatira mvula pamene mpweya wayera.

Mwanayo mupatseni ntchito musanakwere. Azungulire m'munsi pamene njira ikulola, akuwerenga mapazi, kuti adziwe kukula kwake. Ayerekeze madengu angati a dothi angadzaze chitunda chotere. Aone mbali imene nthaka ikutsetsereka, anene yekha anthu a kuti amene akanauona mtumbirawu ali kwawo. Pa mitumbira ina imene sinakonzedwe, mumuphunzitse kufuna zinthu ziwiri: kakhwawa kosaya kozungulira m'munsi, komwe ndi ngalande yakale itakwiririka, ndi kadzenje pansonga, komwe kawirikawiri ndi chipsera cha okumba a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 amene ankaboola pakati kufuna chuma. Pa mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, malo otere amalembedwa kuti Tumulus ndi zilembo zachikale. Ndipo si chitunda chilichonse chili manda. Tichulu tambirimbiri timene mudzaone m'udzu wa pakiyi ndi ta nyerere zachikasu, tina ta zaka zambiri, ndipo ana asamalumphepo.

Agwape

Tikuwatchula agwape posowa dzina lina, koma musaganize za kagwape ka kutchire kwathu. M'pakimo muli oposa 600 a mitundu iwiri. A red deer ndi aakulu, ofiirira, ndipo wamphongo wokhwima amaposa makilogalamu 150. A fallow deer ndi ocheperapo, ambiri amawangamawanga, nyanga zawo zophwatalala kunsonga ngati chikhatho. Amphongo okha ndiwo ali ndi nyanga, zanthambi, zimene zimathothoka chaka chilichonse cha m'ma Malichi mpaka Meyi n'kumeranso zatsopano. Mukapeza yogwa isiyeni, agwape eni ake amaikukuta kuti apeze mchere wolimbitsa mafupa.

Vuto lake ndi lakuti anazolowera anthu, sathawa, ndiye munthu amayesa ndi mbuzi za pakhomo. Oyang'anira pakiyi, The Royal Parks, amati musayandikire kuposa mamita 50, kapena kuti theka la bwalo la mpira. Musawapatse chakudya. Gwape wozolowera kulandira m'manja amayamba kulondola aliyense wonyamula chikwama, ndipo amene amavulala ndi mwana wa munthu wina tsiku lina.

Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala ndi nyengo yokwerana. Amphongo amabangula, kukwapula zitsamba ndi nyanga, kumenyana, ndipo sadya mokwanira, choncho sachedwa kupsa mtima. Mukaona awiri akuyenda mofanana mbali ndi mbali, akuyesana mphamvu, nkhondo ili pafupi. Musaime pakati pawo, kapena pakati pa wamphongo ndi aakazi ake. Wogonja amathawa osayang'ana kumene akupita, ndipo ojambula zithunzi ounjikana ndiwo amapezeka panjira yake.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi aakazi amaswa, ndipo nyengo imeneyi ndi imene anthu amaipeputsa. Mayi amabisa mwana m'udzu wautali kapena m'zitsamba za bracken, iye n'kumadya chapafupi. Mwana wopezeka yekha sanatayidwe. Musamukhudze, chokanipo. Wamkazi akayamba kukulondolani atatukula mutu, akuponda pansi mwamphamvu, ndiye kuti mwayandikira mwana wake musakudziwa. Bwererani mmbuyo pang'onopang'ono njira imene munadzera, osakuwa, osatambasula manja, ana ali pambali panu. Agalu amayenera kukhala pachingwe kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 31 Julayi, ndipo gwape akakuthamangitsani muli ndi galu, tayani chingwecho, chifukwa amene akufunidwa ndi galuyo. Wina akavulala imbani 999.

M'pakimo mulibe chilombo chodya agwape, ndiye kuti asachuluke mpaka kutha msipu, ena amaphedwa usiku kwa masabata angapo kuyambira mu Novembala ndi mu Febuluwale. Nthawi imeneyo zipata za oyenda pansi zimatsekedwa 8 koloko usiku mpaka 7:30 mmawa. Masana ulendo wanu sukhudzidwa.

Nkhupakupa

Izi n'zimene zimadwalitsa anthu ambiri kuposa nyanga. Zina zimanyamula matenda a Lyme. Musafune nkhupakupa zonenepa ngati za pa ng'ombe za kwathu. Zimene zimaluma anthu kwambiri ndi zazing'ono ngati kanthanga ka mpiru, ndipo kuluma kwake sikupweteka. Zimadikira pansonga za udzu ndi bracken, makamaka kuyambira Malichi mpaka Okutobala. Valani mathalauza aatali, kumapazi kwake mulowetse m'sokosi, ndipo zovala zowala zimathandiza kuti kachilomboko kaoneke. Yendani m'njira, pokhala pansi sankhani paudzu waufupi. Mukafika kunyumba fufuzani thupi lonse, kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa, ndipo kwa ana m'khosi, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi.

Mukaipeza, igwireni ndi kopanira kosongoka pafupi kwambiri ndi khungu, mukoke molunjika mmwamba pang'onopang'ono osaifinya mimba, kenako mutsuke ndi sopo. Musaiotche ndi machesi, musaipake mafuta kapena palafini monga timachitira ndi za ziweto. Njira zimenezo zimaichititsa kulavulira m'thupi zimene zili m'mimba mwake. Lembani tsikulo. Chizindikiro cha Lyme ndi chibanga chozungulira chimene chimakula, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata anayi, nthawi zina mpaka miyezi itatu. Apa tcherani khutu. Zithunzi zambiri zimaonetsa mkombero wofiira pakhungu loyera, koma pakhungu lathu chibangacho sichioneka msanga, chimatha kungooneka ngati pamene munthu anagunda, pakuderako kapena pofiirira. Mukaona chotere, kapena wina akayamba kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya mafupa, pitani kwa dokotala wanu kapena imbani 111, ndipo munene kuti munali ku paki ya agwape. Matendawa akagwidwa msanga amachira ndi mankhwala opha tizilombo.

M'miyezi ya Meyi mpaka Julayi muli ziyabwe zoyenda pamzere pa mitengo ya oak, zomanga zisa zoyera ngati thonje pathunthu. Ubweya wake umatupitsa khungu ndi kuvutitsa kupuma. Si zakudya ngati mphalabungu, ana asazikhudze.

Mukaphatikiza zonsezi, nthawi yabwino ya ulendo wanu ndi kuyambira Januwale mpaka pakati pa Epulo. Agwape amakhala atakhazikika, bracken itafota n'kugwa pansi kotero kuti maonekedwe a nthaka amaoneka, mitengo ilibe masamba otchinga, ndipo dzuwa lotsika limaika chithunzithunzi pa kachitunda kalikonse. Kumazizira, kumakhala matope, ndiye valani nsapato zolimba. Mu Januwale kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho mufike pamtumbirawo 2 koloko isanakwane.

Mwanayo akafuna kuona mitumbira yosakonzedwa, ku Greenwich Park kufupi ndi Croom's Hill kuli ing'onoing'ono pafupifupi 30 paudzu. Imeneyo ndi ya anthu a Anglo-Saxon a m'zaka za m'ma 500 ndi 600 Yesu atabadwa, yaposachedwa poyerekeza ndi wa ku Richmond, ndipo asaisokoneze polemba. Miphika, mikanda ndi mipeni yamkuwa yochokera m'mitumbira ya nyengo ya mkuwa mungaione ku British Museum, kumene polowa salipiritsanso. Golide wotchuka amene anafukulidwa mu 1808 mu Bush Barrow, pafupi ndi Stonehenge, ali ku Wiltshire Museum m'tauni ya Devizes.